Amuna asanu a mkuwa aku Gettysburg aja akuthamangira kuti?

Ku Gettysburg, katawuni kakang'ono ka mu steti ya Pennsylvania ku America, kuli zipilala, ziboliboli ndi miyala yachikumbutso zoposa 1,300, zangoti mbwee m'minda ndi m'zitunda momwe munachitikira nkhondo ya masiku atatu mu Julaye 1863. Zambiri zimangofanana, msilikali waima njo pamwamba pa mwala mfuti ili m'manja, kapena bwana wamkulu ali pa hatchi akuyang'ana kutali ngati akuganiza za ngongole. Koma chilipo china chimene ngakhale ungochiona pa chithunzi chimakugwira mtima, cha steti ya North Carolina, chili pa chitunda chotchedwa Seminary Ridge. Ndi amuna asanu a mkuwa, aakulu kuposa munthu weniweni, aunjikana pamodzi ndipo onse apendekera kutsogolo ngati akulimbana ndi mphepo yamkuntho. Mmodzi ndi ofesala, wavulala, wagwada pansi koma dzanja akuloza kutsogolo kuti anyamata pitani musandidikire ine. Wina ndi kamnyamata, nkhope yake ikuchita kuoneka kuti mantha alipo, ndiye kumbuyo kwake kuli mkhalakale wandevu akumulankhula chapakhutu. Wina watsogola, wina wanyamula mbendera. Palibe amene wapambana apa, palibenso amene wafa kale, wosula anawagwira pa mphindi imene akungoyamba kulowa pa bwalo.

Kuti mumve chimene chikuchitika pamenepa tiyambe ndi mawu oti steti aja, chifukwa kwa ife boma ndi limodzi, asilikali ndi a dziko basi. Ku America nthawi imeneyo sizinali choncho. Msilikali amalembedwa kwawo, gulu lake lomwe amati rejimenti limatenga dzina la steti yake ndi nambala, monga 26th North Carolina kapena 24th Michigan, ndipo kagulu kakang'ono mkati mwakemo nthawi zambiri kamakhala ka anthu a dera limodzi, pachibale, apaulamu, anthu opemphera tchalitchi chimodzi. Ndiye tsiku likavuta pa nkhondo, maliro sanali omwazikana dziko lonse ayi, amagwera mudzi umodzi nthawi imodzi. N'chifukwa chake nkhondo itatha steti iliyonse inkafuna chipilala chakechake, ndalama zake zochokera ku nyumba ya malamulo ya komweko.

Nkhondo yake inali yapachiweniweni, kuyambira 1861 mpaka 1865. Masteti 11 akummwera anachoka mu mgwirizano wa United States n'kupanga dziko lawo lomwe analitcha Confederate States, ndipo gwero la zonse linali ukapolo, anthu akuda pafupifupi 4 miliyoni anali katundu wa anthu ena, ndipo Abraham Lincoln atasankhidwa mu 1860 eni akapolo anaona kuti tsogolo la bizinesi yawoyo lada. North Carolina inazengereza, inachoka pa 20 Meyi 1861, mwa omalizira enieni, koma itangolowa inapereka amuna ochuluka zedi, ndipo oposa 30,000 sanabwerere kwawo. Mu steti yomweyo munthu mmodzi mwa atatu alionse anali kapolo, anthu oposa 330,000. Nambala imeneyi isungeni tibwereranso.

Mu Juni 1863 mkulu wa asilikali akummwera Robert E. Lee anaganiza zotengera nkhondo kumpoto, kuti minda ya Virginia ipumeko komanso kuti akapambana m'dera la adani mwina anthu akumpoto atope n'kuvomera zokambirana. Asilikali ake ndi akumpoto anakumanizana ku Gettysburg mosakonzekera kwenikweni, tawuniyi ili pamphambano pomwe misewu yambiri imakumana. Pa masiku atatu, 1 mpaka 3 Julaye, anthu pafupifupi 51,000 mbali zonse ziwiri anaphedwa, kuvulala, kugwidwa kapena kusowa. North Carolina inali ndi marejimenti 32 pamenepo, amuna pafupifupi 14,000, ndipo oposa 6,000 analowa mu nambala imeneyi. Mwala umene uli pambali pa chipilalachi unalembedwa kuti mwa asilikali anayi alionse akummwera amene anagwa pano, mmodzi anali wa ku North Carolina.

Tsiku loyamba ndi limene linawapweteka kwambiri, makamaka 26th North Carolina. Rejimenti imeneyi inali yaikulu, amuna oposa 800, ndipo mtsogoleri wake Henry Burgwyn anali ndi zaka 21 zokha, tangoganizani, mwana woti kwathu kuno akanakhala akulimbana ndi fizi ku koleji. Anawatuma kuti akachotse 24th Michigan mu kankhalango kena chakumadzulo kwa tawuni, ndiye magulu awiriwa anaima moyang'anizana pafupi kwambiri, kumangowomberana maso ndi maso. Mbendera ya North Carolina inagwa n'kutoledwa maulendo oposa khumi, aliyense woinyamula amawomberedwa, Burgwyn naye anaitola ndipo anafera pomwepo. Pofika madzulo rejimentiyi inali itataya amuna 588, a Michigan aja anataya 363 mwa 496. Nkhani ya mbendera musaitenge ngati zachibwana, mu utsi wa mfuti za nthawi imeneyo sumamva lamulo sumaona bwana wako, chimene umatsatira ndi nsalu ija basi, ndiye woinyamula aliyense amadziwa kuti mfuti zonse zikuloza iye. Mwamuna wa mbendera pa chipilala paja akuimira zimenezo.

Koma chipilalachi chikukamba za tsiku lachitatu. Lee atalephera kuthyola mbali zonse ziwiri pa 2 Julaye, anaganiza zomenya pakati penipeni pa mzere wa George Meade, mkulu wa asilikali akumpoto, pa chitunda china chotchedwa Cemetery Ridge. Wachiwiri wake James Longstreet anakana, anamuuza kuti sizitheka, koma mwini mphamvu anali atanena kale. Cha m'ma 1 koloko masana mizinga pafupifupi 150 inayamba kulira, zipolopolo zambiri zinkadutsa pamwamba n'kukagwera kumbuyo, kenako cha m'ma 3 koloko amuna pafupifupi 12,500 anatuluka m'mitengo n'kuyamba kuyenda pa mtetete woposa kilomita imodzi, popanda pobisala, pakati pali msewu wa Emmitsburg wokhala ndi mipanda ya matabwa yoti uchite kukwera uku akukuwombera. Pasanathe ola limodzi theka la iwo linali litagwa kapena kugwidwa. Pamene paima amuna a mkuwa aja ndi chapafupi ndi pomwe a North Carolina anayambira ulendo umenewu, ndipo chala cha ofesala uja chikuloza mtetete womwewo.

Apa ndiye pali mkangano umene unabala chipilalachi. Dziko lonse limadziwa kuukira kumeneku ndi dzina la George Pickett, mkulu wa asilikali a ku Virginia, ngati anali yekha. Chonsecho Pickett amatsogolera gawo limodzi chabe, mbali inayo inali m'manja mwa James Johnston Pettigrew, mwana wa ku North Carolina, ndi Isaac Trimble yemwe anapatsidwa magulu awiri a North Carolina, ndipo marejimenti 15 a steti imeneyi anayenda nawo pa mtetete uja, ambiri ali ndi mabala a dzana. Koma nyuzipepala zamphamvu zinali ku Richmond, likulu la Virginia komanso la dziko lonse lakummweralo, ndiye zinalemba kuti anyamata a Pickett anachita chamuna koma anzawo akumanzere anathawa n'kuwasiya okha. Pettigrew sakanadziyankhira, anawomberedwa pobwerera pa 14 Julaye n'kumwalira patapita masiku atatu. Chinawawawa kwambiri a North Carolina n'choti gulu limene linayamba kubwerera m'mbuyo kumanzereko linali la Virginia lomwe.

Kwa zaka makumimakumi anthu a masteti awiriwa ankakangana ngati ana olimbirana chuma cha masiye, ndani anafika patali. A Virginia amati Lewis Armistead, mmodzi mwa akuluakulu a Pickett, anadumpha khoma la miyala lomwe akumpoto anabisalako, ali ndi kagulu ka anthu ake, n'kukagwera mkati mwa adani, zomwe ndi zoona. A North Carolina amayankha kuti khomalo limakhota, mbali imene iwo analunjika linabwerera mkati ndi mamita makumi angapo, ndiye ngakhale sanalidumphe anayenda mtunda wotalikirapo, ndipo zoti khomalo limakhota ndi zoona. Mpaka anapanga mwambi wawo wodzitamandira wotchula mabwalo a nkhondo, woti anali oyamba ku Bethel, ofika patali ku Gettysburg ndi ku Chickamauga, omaliza ku Appomattox. Virginia itaimika chipilala chake mu 1917, Lee ali pa hatchi yake Traveller pamwamba pa mwala wautali, a North Carolina sakanangokhala. Ndiye taonani kusiyana kwake, Virginia inaika jenerali m'mwamba asilikali wamba pansi pa mapazi ake, North Carolina sinaike jenerali aliyense, inaika anthu wamba chapansi pomwe mlendo amawayang'ana kumaso. Kwa ine uku ndi kuyankha mkangano uja popanda kutchula Virginia n'kamodzi komwe.

Mwina mukufunsa kuti bwanji anadikira zaka 66, mpaka 1929, kuti aimike chipilalachi. Poyamba malowa anali m'manja mwa bungwe la anthu akumpoto lomwe linayamba mu 1864, ndipo kwa iwo akummwera anali oukira boma, osati anthu owamangira zikumbutso. Ngakhale manda a asilikali omwe Lincoln anakalankhulako pa 19 Novembala 1863 anali a akumpoto, mitembo ya akummwera inakhala m'maenje osaya m'minda ya anthu mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1870 pomwe magulu a amayi anasonkha ndalama, dokotala wina wa komweko Rufus Weaver n'kufukula mafupa a anthu oposa 3,000 kuwatumiza kummwera, ambiri ku Richmond, 137 ku manda a Oakwood ku Raleigh. Akummwera eni ake analibenso ndalama komanso chilakolako chokongoletsa malo omwe anagonjerapo, Lee yemweyo ataitanidwa mu 1869 kuti akathandize kuloza pomwe magulu anaima anakana, maganizo ake anali oti zilonda za nkhondo zisamatosedwe. Boma litatenga malowa mu 1895 panalinso lamulo loti chipilala chiziikidwa pomwe gulu linafola mzere, osati pomwe linakafika, ndiye kwa anthu omwe nkhani yawo yonse inali yoti tinafika patali lamulo limeneli linali lowawa ndithu. Kamwala kosonyeza pomwe 26th North Carolina akuti inafika pafupi ndi khoma lija kanadzaikidwa m'ma 1980.

Zinthu zinasintha pang'onopang'ono azungu akumpoto ndi akummwera atayamba kugwirizana kuti tingokamba za kulimba mtima kwa mbali zonse, za chimene tinamenyeranacho tizisiye. Mu 1913 madala oposa 50,000 a mbali zonse anakumana ku Gettysburg n'kugwirana chanza pa khoma lomwe lija. Mu 1927 nyumba ya malamulo ya North Carolina inavomereza $50,000, ndipo pa 3 Julaye 1929 chipilala chinatsegulidwa, bwanamkubwa O. Max Gardner ali pomwepo, mwala wa mawu uja unaperekedwa ndi bungwe la amayi la United Daughters of the Confederacy.

Wosula wake ndi nkhani payekha. Gutzon Borglum, mwana wa anthu ochokera ku Denmark, yemwe uja anasema nkhope za mapulezidenti anayi pa phiri la Mount Rushmore, ntchito imene anali atayamba kale mu 1927. Munthuyu ankamukonda Lincoln mpaka mwana wake anamutcha Lincoln, komanso munthu yemweyo anali pa ubale wa ponda apa nane mpondepo ndi akuluakulu a Ku Klux Klan, gulu la azungu lodana ndi anthu akuda, nthawi imene ankasema atsogoleri akummwera pa Stone Mountain ku Georgia. Kumeneko anayambana ndi komiti mu 1925, anamuchotsa ntchito, iye mwaukali anaphwanya zitsanzo zake zonse n'kuthawira ku North Carolina apolisi ali pambuyo, ndipo pasanapite nthawi steti yomweyo inamupatsa kontirakiti imeneyi. Nkhope za amuna asanu aja anazitenga pa zithunzi za asilikali enieni akale, ya wonyamula mbendera ndi ya Orren Randolph Smith, mkulu wa ku North Carolina amene mpaka imfa yake ankanena kuti ndiye anajambula mbendera yoyamba ya Confederate, ngakhale ena amati anali munthu wina wa ku Alabama. Mwaona eti, ngakhale pa nkhope pali kulimbirana mbiri.

Za mkuwawo, sikuti ndi kopa yekhayekha ngati wa mawaya a magetsi, amasakaniza ndi tini pang'ono kuti ulimbe komanso uziyenda bwino ukasungunuka. Chiboliboli chachikulu chonchi sasema ngati mtondo. Wosula amaumba ndi dongo pa mafupa a zitsulo, pa dongolo amapangapo chikombole, kenako ku fakitale amachigawa zidutswa, mkono pawokha mutu pawokha. Njira ina amagwiritsa mchenga wotsendera, ina ndi ya phula, amapaka phula mkati mwa chikombole, kulikuta ndi dothi losapsa ndi moto, kuwotcha kuti phula lisungunuke lituluke, ndiye mu mpata umene latsalawo amathiramo mkuwa wa moto woposa madigiri 1,000. Zidutswa zija amazilumikiza n'kusalaza mizere, mkati mumakhala mphako, khungu lake ndi lopyapyala kuposa mmene anthu amaganizira. Ubwino wake ndi umenewu, mwala sungalole munthu kupendekera kutsogolo chonchija mfuti ndi mtengo wa mbendera zili pamtunda, ungathyoke, koma mkuwa umalola, ndiye liwiro lonse limene mumaliona pa chipilalachi ndi mphatso ya chitsulocho. Vuto lake ndi mvula ndi utsi, mkuwa umachita ndere zobiriwira n'kuyamba mizere ngati misozi, n'chifukwa chake a National Park Service omwe akusamala malowa kuyambira 1933 amatsuka ziboliboli n'kuzipaka phula nthawi ndi nthawi.

Tsopano tibwerere ku nambala ija ya 330,000. Mawu a pa mwala amatamanda kulimba mtima ndi kudzipereka kwa asilikaliwa pa chimene ankamenyera, koma chimene ankamenyeracho sachitchula dzina. Ndipo gulu la Lee silinapite lokha ku Pennsylvania, linali ndi akapolo zikwizikwi ophika, ochapa, oyendetsa ngolo, osamala mahatchi, ena mwa iwo ndi amene ananyamula mabwana awo ovulala kapena kuwakwirira. Popita asilikali ake ankagwiranso anthu akuda a m'matawuni a Pennsylvania, ena obadwa mfulu, n'kuwatumiza kummwera ngati katundu, moti mabanja ambiri akuda a ku Gettysburg anathawa nkhondo isanayambe. Khoma lija a North Carolina ankalimbirana kuti tinalifika, mbali ina linali m'munda wa Abraham Brian, mlimi wakuda mfulu yemwe anathawa ndi banja lake n'kudzapeza nyumba yake itabooledwabooledwa. Pa mkuwa paja palibe aliyense wa anthu amenewa. Palibenso amuna akuda zikwi zingapo a ku North Carolina amene analowa usilikali wa kumpoto, awo kachipilala kawo kakang'ono kali ku Hertford, anthu akuda a komweko anachita kusonkherana okha cha m'ma 1910.

Sindikunena kuti kamnyamata ka mantha kaja kanali ndi akapolo, ambiri mwa asilikali wamba analibe, ndipo kuyambira Epulo 1862 kunali lamulo lokakamiza amuna kulowa usilikali, kenako kunabwera lina lolola mzungu mmodzi kutsala pakhomo pa munda uliwonse wa akapolo 20, moti anthu osauka ankadandaula kuti nkhondo ndi ya olemera koma omenya ndi amphawi, ndipo ku North Carolina othawa usilikali anali ambiri. Amene timadutsa pa chipilala cha KAR ku Zomba timaidziwa nkhani ya munthu wofera nkhondo imene phindu lake linali la ena. Koma kusiyana kulipo, akummwerawa akanapambana ukapolo ukanapitirira, kaya msilikali payekha ankaganiza chani mumtima mwake. Komanso 1929 sichinali chaka wamba, North Carolina imene inalipira $50,000 ija inali itawalanda anthu akuda mavoti kudzera mu kusintha malamulo kwa 1900, patangopita zaka ziwiri kuchokera pomwe gulu la azungu a mfuti linagwetsa khonsolo yosankhidwa ya mzinda wa Wilmington mu 1898 n'kupha anthu akuda ambiri. Ndiye posankha chokumbukira ndi choiwala, munthu mmodzi mwa atatu uja analibe mawu.

Masiku ano zipilala za Confederate zambiri zagwa. Ku yunivesite ya North Carolina ku Chapel Hill ochita zionetsero anagwetsa chiboliboli chotchedwa Silent Sam mu Ogasiti 2018, ndipo mu Juni 2020 bwanamkubwa Roy Cooper analamula kuti zomwe zinali pa bwalo la nyumba ya boma ku Raleigh zichotsedwe. Za ku Gettysburg zinatsala, ndipo ngakhale akatswiri a mbiri ambiri omwe anagwirizana ndi kuchotsa zija za m'matawuni amati bwalo la nkhondo ndi nkhani ina, chifukwa chipilala cha pakhomo pa khoti chimauza munthu wakuda wobwera kudzaweruzidwa kuti mwini malo ndi ndani, pomwe cha pa bwalo la nkhondo chili pomwe anthuwo anaimadi ndi kufa. Ena sagwirizana nazo, amati mwala wotamanda ndi wotamanda basi kaya uli pati. Ine ndili mbali yoti chikhale, koma wofika pamenepo auzidwe kuti akuona zinthu ziwiri nthawi imodzi, masana a 3 Julaye 1863 ndi maganizo a anthu a 1929, ndipo a National Park Service aja anayamba kale kuika zikwangwani zofotokoza pafupi ndi zipilala za masteti akummwera. Ukaima kumbuyo kwa ofesala wogwada uja n'kutsatira chala chake kudutsa mtetete wonse, tsidya linalo chakumanzere kwa kagulu ka mitengo kumaoneka kanyumba koyera ndi khola lake, pa Abraham Brian paja.